Dzuwa likamalowa amayi akumamanga katundu: kodi mababu a pa foni angathandize?

Lolemba madzulo

Nangozo (Bembeke): Odi kuno abale. Pa gulu pano ndimangowerenga, koma lero zandikwana, ndati ndilankhule. Amayi anga ali ndi zaka 79. Chaka chatha kuchipatala anatiuza kuti ali ndi matenda oiwalaiwala aja akuti dimenshiya. M'mawa amakhala bwinobwino. Amamwa phala, amasankha nyemba, nthawi zina amayimba nyimbo za kutchalitchi osaphonya ndi mzere umodzi womwe. Koma dzuwa likangopendeka, cha m'ma 4 koloko, munthu uja amasintha. Amayala chitenje pabedi, n'kuikapo madiresi awiri, buku la nyimbo ndi chipande, kumanga kamtolo, kenako n'kuima pakhomo: "Ndiperekezeni kwathu, kwada, amayi akandikalipira." Amayi awowo anamwalira ine ndisanabadwe, ndipo nyumba imene akufuna kuchokamoyo anaumba okha njerwa zake ndi malemu bambo.

Loweruka usiku ndinadzidzimuka nditamva kulira. Ndinawapeza m'kakhonde ka m'nyumba akupapasa khoma, chitseko chasowa, adzinyowetsa kale. Manyazi amene anali nawo sindingathe kuwafotokoza. Achimwene anga ku Joni akuti atumize mababu oyendera foni, akuti kunjaku akuthandiza odwala otere. Amene mukudziwa tiunikireni ndalama zisanapite.

Ngozo wa ku Joni: Zikomo achemwali pofotokoza. Mababu ake ndi onga a Philips Hue aja, anayamba kugulitsidwa mu 2012, ndipo pano mitundu yachuluka, ina yotsika mtengo. Umalitchera pa foni kuti m'mawa liziwala koyera ngati masana, madzulo lizifiira pang'onopang'ono ngati moto wa nkhuni, usiku lizitsala kamdontho chabe. Ine ndili kutali, sindingawanyamule amayi, sindingawachapire. Chimene ndingathe ndi ichi. Musandiletse chonde.

Nankhoma (namwino wopuma, Ntcheu Boma): Palibe akukuletsani mwana wanga, mtima wanu taumva. Koma ndiyambe ndafunsa Nangozo. Kusokonezeka kwa madzuloku kwabwera pang'onopang'ono kapena kwakula mwadzidzidzi masiku omwewa? Thupi likutentha? Akamataya madzi akudandaula ululu? Ndikufunsa chifukwa munthu wachikulire akadwala malungo, chibayo kapena matenda a m'njira ya mkodzo, nthawi zambiri chizindikiro choyamba chimakhala kubalalika mutu. Zimenezo babu silingachize, n'zofunika kuchipatala tsiku lomwelo.

Nangozo (Bembeke): Ayi amayi, zayamba kalekale, mwina miyezi isanu. Kungoti chiyambire kuzizira kuno zanyanya. Malungo tinakayezetsa sabata yatha, sanawapeze. BP amamwa mankhwala.

Nankhoma (namwino wopuma, Ntcheu Boma): Chabwino. Mankhwala a BP asamadumphitse, chifukwa kuthamanga kwa magazi kumawononga timitsempha ta mu ubongo ndipo kuiwala kumakula msanga. Tsono zimene mukuonazo n'zodziwika kwambiri pa matenda amenewa, Azungu anachita kuzipatsa dzina loti sundowning, kutanthauza kusokonezeka kobwera dzuwa likamalowa. Mwati zanyanya chiyambire kuzizira, ine sindikudabwa. Juni ndi Julaye dzuwa limalowa 5 koloko itangopitirira pang'ono, kuwonjezera apo nkhungu ya kwanu ku Bembekeko. Ndikufunseni: masana amakhala pati?

Nangozo (Bembeke): Kuchipinda kwawo, atafunda bulangete. Timaopa chibayo ndi mphepo ya kuno. Zenera tinatseka ndi katoni chifukwa galasi linasweka.

Aphiri (aphunzitsi, Mtakataka): Pamenepo ndi pamene pagona nkhani, mundilole ndifotokoze monga ndimachitira m'kalasi. M'mutu mwa munthu aliyense muli wotchi. Ndi kagulu kakang'ono ka maselo mkati mwa ubongo, pamwamba pa pamene mitsempha ya maso awiri imapingasana. Wotchi imeneyi ndi imene imauza thupi kuti kwacha kapena kwada. Simayenda ndendende maola 24, choncho imafuna kutcheredwa tsiku ndi tsiku, ndipo chimene chimaitchera ndi kuwala kolowa m'maso, makamaka kwa m'mawa. Kukada ubongo umatulutsa madzi otchedwa melatonin, amene amauza thupi kuti nthawi yogona yakwana. Kuwala koyera mopita ku buluu kumaletsa melatonin kutuluka. Masana zimenezi n'zabwino, usiku n'zoipa. Si nthano ayi: mu 2017 akatswiri atatu a ku America, Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young, analandira mphoto ya Nobel chifukwa chofukula mmene wotchi ya m'thupi imayendera.

Tsono matenda a Alzheimer, amene ndiwo gwero la odwala dimenshiya 60 mpaka 70 mwa 100 alionse, amawononga ndi wotchi yomweyo. Ndiye taganizani munthu amene wotchi yake yafooka kale, n'kukhala m'chizimezime kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Thupi lake lidziwa bwanji kuti ino ndi nthawi yanji?

Bambo a Tadala (amagetsi, Lizulu): Aphunzitsi afotokoza za m'mutu, ine ndinene za pakhoma poti ndiye ntchito yanga. A Ngozo, musanagule ganizirani izi. Choyamba, babu la pa foni limafuna kuti swichi ya pakhoma ikhale yoyatsa usana ndi usiku. Agogo akangoithimitsa, monga anazolowera moyo wawo wonse posunga mayunitsi, basi babu lafa, foni silingalipezenso. Chachiwiri, ambiri mwa mababu amenewa magetsi akathima n'kuyakanso amabwera ndi kuwala konse, pokhapokha wina atawatchera mwapadera. Ndiye magetsi abwere 2 koloko usiku, chipinda chonse mbee, agogo adzuka n'kuyamba kufuna khasu kuti kwacha. Chinanso, ambiri amafuna Wi-Fi m'nyumba, ndiye kuti rauta ndi bandulo mwezi ndi mwezi. Ndipo muone kaye holida za kunyumbako, kwathu kuno zambiri ndi za pini, pamene mababu amenewo ambiri amabwera a sikuluwu.

Ngozo wa ku Joni: Za swichi sindinaziganizire. Amayi amathimitsadi chilichonse, ngakhale wailesi ikulankhula. Koma ndiye mukuti ndingosiya?

Bambo a Tadala (amagetsi, Lizulu): Ayi bwana, sindinatero. Ndikuti nzeru ya mababuwo ili pa nthawi, osati pa foni. Kowala kwambiri masana, kofiirira madzulo, kochepa usiku koma kosathima. Zitatu zimenezi tingazipeze ndi zipangizo zoti zikawonongeka mnyamata wa pamsika akonza.

Make Chifundo (Tsangano): Ine ndikuwerenga koma mtima ukundiwawa. Kwathu kuno waya wa magetsi sunafike. Tili ndi katochi ka mabatire ndi koloboyi. Ndikusamala apongozi anga aakazi, matenda ake omwewa. Ndiye ife tilibe pogwira?

Nabanda (wophunzira, kwathu ku Linthipe): Amayi a Chifundo simuli nokha. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pa nyumba 100 zilizonse m'Malawi muno, pafupifupi 11 zokha ndi zimene zimaunikira magetsi, ndipo zoposa theka zimadalira tochi ndi nyali za mabatire. Ngakhale kwathu ku Dedza kumene kuli sola yaikulu ya ku Golomoti ya mamegawati 20 ija, midzi yambiri ikadali mu mdima. Tsono ndawerengako za kafukufuku wa nkhaniyi ndipo ndikufuna tinene zoona, tisapatsane chiyembekezo chopitirira. Ku Netherlands anayesa pa okalamba 189 m'nyumba 12 zosungira okalamba, zotsatira zinatuluka mu 2008. M'nyumba zina anaika magetsi owala kwambiri kudenga masana onse, pafupifupi malakisi 1,000 (lakisi ndi muyezo wa kuwala), kwina anasiya a masiku onse, pafupifupi 300. Amene anali kowala kwambiri, kukhumudwa kunachepa ndipo nzeru zinkatsika mochedwerako, koma kusiyana kwake kunali kochepa. Mu 2014 a bungwe la Cochrane ataunika kafukufuku wosiyanasiyana pamodzi ananena kuti umboni sunakwane woti kuwala ndi mankhwala a dimenshiya. Ndiye kuwala kungapeputse, koma sikubweza matenda.

Aphiri (aphunzitsi, Mtakataka): Wanena bwino mwana wa sukulu. Koma taona manambala akowo. Azungu anawononga ndalama kuti afikitse malakisi 1,000 m'nyumba. Lakisi ndi muyezo wa kuwala kumene kwagwera pamalo. Panja dzuwa lili pamutu kumafika 100,000. Pamthunzi wa pakhonde pamakhala masauzande angapo. Ngakhale tsiku la mitambo panja pamaposa 1,000. Ndiye amayi a Chifundo, babu loposa onse muli nalo kale ndipo silifuna mayunitsi. Mpando pakhonde loyang'ana kum'mawa, apongozi avale juzi ndi mpango, aothere dzuwa kuyambira m'ma 8 mpaka m'ma 10 uku akusenda mbatatesi kapena kutongola chimanga. Asamayang'ane dzuwa lenilenilo, kungokhala panja n'kokwanira.

Nangozo, pa foni pali timapulogalamu taulere toyezera malakisi. Sitilondola kwenikweni koma tidzakupatsani chithunzi. Mawa masana yezani pamene amayi amakhala.

Ambewe (Kasinje): Ana anga, ndilankhuleko ine wachikulire. Mayi a kunyumba kwanga anadwala matenda amenewa zaka zisanu ndi chimodzi mpaka Mulungu anawatenga. Nthawi imeneyo dzina la matendawo sitinkalidziwa, tinkangoti abwerera ku umwana. Ndikumva za mababu ndi mafoni ndipo sindikutsutsa, koma ndili ndi nkhawa. Nthawi ya chisisira ija ndi imene pakhomo pamakhala piringupiringu. Ana abwera kusukulu, mbuzi zikulowa m'khola, wina akukoleza moto, wina akukuwa za madzi. Mayi amene moyo wake wonse nthawi imeneyo ndiye ankagwira mthiko, lero akuuzidwa kuti khalani apo. Mtima wake ukumuuza kuti pali ntchito imene sanagwire, pali kwina kumene akumudikira. Mukamuyatsira babu n'kumusiya yekha m'chipinda, adzamangabe kamtolo kake. Ine ndinkawapatsa lichero la nyemba n'kukhala nawo pafupi, tikuyimba. Masiku ena zinkatheka, ena ayi.

Nankhoma (namwino wopuma, Ntcheu Boma): Zikomo bambo Mbewe, akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Zonse ziwiri ziyendere pamodzi. Nangozo, ndikupatseni ntchito imodzi. Mawa cha m'ma 5 koloko kalowe kuchipinda kwa amayi, ukhale pabedi pamene iwo amakhala, usayatse chilichonse chimene suyatsa masiku onse. Ungoyang'ana. Ukumbukire kuti diso la munthu wa zaka 60 limalowetsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuwala kumene diso la wa zaka 20 limalowetsa, ndiye amayi ako ali ndi 79. Chimene iwe ukuchiona mwachizimezime, kwa iwo ndi mdima. Ukatiuze zimene waona.

Lachiwiri usiku

Nangozo (Bembeke): Abale, ndachita zimene munandiuza ndipo ndikulemba misozi ili m'maso. Masana ndinayeza ndi foni. Pabedi pa amayi inawerenga 35. Nditatuluka pakhonde inadumpha kupitirira 6,000. Miyezi yonseyi ndimaganiza kuti ndikuwateteza ku mphepo.

Madzulo ndinakhala pabedi paja. Kuseri kwa chitseko kuli jekete la malemu bambo, lakhala pa msomali womwewo chimwalirireni, pamwamba pake pali chipewa chawo. Kuwala kochokera pabalaza kukalowera pa mpata wa chitseko, jekete lija limaponya chithunzithunzi pakhoma, mapewa ndi mutu, munthu wathunthu ataima. Mwana akadutsa pabalaza, chithunzithunzicho chimasuntha. Ine amene ndili ndi nzeru zanga thupi linachita tsembwe. Amayi akhala akundiuza kuti m'chipinda muli bambo wachilendo amene amawayang'ana, ine n'kumawayankha kuti mulibe munthu, gonani. Kenako pali galasi la pa wadiropu. Kukamada limangoonetsa nkhope yosadziwika bwino. N'kutheka kuti mayi wokalamba amene amati amawabera zovala ndi iwo omwe.

Ngozo wa ku Joni: Achemwali, jekete limenelo ndinawagulira ndine bambo. Lichotseni, mulisunge m'sutikesi. Sindikutha kulemba zambiri.

Nankhoma (namwino wopuma, Ntcheu Boma): Usadziimbe mlandu mwana wanga, unachita zimene unkadziwa. Jekete lichoke, galasi uliphimbe ndi nsalu madzulo. Ndipo akanena kuti aona munthu usamatsutsane nawo, kwa iwo ndi zenizeni. Uziti tiyeni tione limodzi, n'kuyatsa, n'kugwira chinthucho ndi dzanja. Uyang'anenso pansi. Simenti yopaka polishi ikamanyezimira, ena amaiona ngati madzi n'kumakana kuponda. Chopondera chakuda pakhomo amachiona ngati dzenje. Ngakhale nsima yoyera pa mbale yoyera ena saiona bwino, yesa mbale yofiira kapena yabuluu.

Bambo a Tadala (amagetsi, Lizulu): Tsopano ndinene chimene ndikanachita ikanakhala nyumba yanga. Katoni ichoke, muike galasi, si ndalama zambiri. Ngati chipinda chilibe siling'i, kusintha lata limodzi n'kuika loonekera lija kumasintha chipinda chonse, kungoti lisakhale pamwamba penipeni pa bedi. Makoma apakidwe laimu. Pabalaza pamene amakhala masana kukazizira kwambiri, muike mababu oyera, pa katoni pake pamalembedwa 6500K kapena daylight. Kuchipinda chogona ndi m'kakhonde muike ofiirira, olembedwa 2700K kapena warm white. Nambala ikachepa ndiye kuti kuwala n'kofiirira. Ndipo babu limodzi lolendewera pakati pa chipinda ndi limene limapanga zithunzithunzi zikuluzikulu. Bola awiri ang'onoang'ono mbali ziwiri, ovindikira kuti asamathobwe m'maso.

Za usiku: kanyali kofiirira ka wati imodzi kapena awiri, m'munsi cha m'mawondo, kuyambira pabedi mpaka pa chitseko cholowera kuchimbudzi, kosathima mpaka kuche. Musaope mayunitsi. Babu la mawati 5 likayaka maola 12 usiku uliwonse, pa mwezi silimaliza ndi mayunitsi awiri omwe. Koma ine ndikanakonda mzere umenewu ukhale pa batire ya sola ya mavoti 12, kuti magetsi akathima njira ya agogo isathime. Tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022.

Aphiri (aphunzitsi, Mtakataka): Ndiwonjezere chimodzi chimene ambiri timalakwitsa. Timayatsa kutada kale. Kwa wodwala, nthawi yovuta ndi ya pakati ija, pamene panja pakuoneka koma m'nyumba mwayamba mdima. Muziyatsa 4 koloko dzuwa likadalipo, n'kutseka makatani lisanalowe, kuti asaone mdima ukubwera pa zenera ndiponso galasi la zenera lisasanduke kalilole.

Ngozo wa ku Joni: Ndiye pamenepo taima, kachipangizo koyatsa nyale kokha nthawi ikakwana, ingathandize eti a Tadala? Achemwali nthawi imeneyo amakhala ali kudimba kapena kumsika. Komanso ndimaganiza zoika kamera kuchipinda kuti ndiziwaona amayi ndili kuno.

Bambo a Tadala (amagetsi, Lizulu): Taima inde, pa batire ya sola imakhala bwino chifukwa siisokonezeka magetsi akathima. Makontirola ambiri a sola ali nayo kale mkati, amatha kuyatsa okha kukada. Swichi ya day-night imene timaika pa magetsi a panja imachedwa, imadikira kude, ndiye ya panja pokha. Palinso tinyali ta sensa, timene timayaka munthu akadutsa chifukwa timamva kutentha kwa thupi likamasuntha. Panjira ya kuchimbudzi cha panja n'tabwino zedi, ta sola, tongokhoma ndi misomali iwiri. Mudziwe kuti galu ndi mphaka nawo amatiyatsa.

Nankhoma (namwino wopuma, Ntcheu Boma): Sensa ya kuchipinda musamale nayo. Ena kuwala kobwera mwadzidzidzi kumawadzidzimutsa, amaganiza kuti walowa munthu. M'chipinda bola kanyali kosathima, sensa ikhale m'kakhonde ndi panja. Ndipo usiku musawatumize kuchimbudzi cha panja m'nyengo ino, ndowa ya chivindikiro pafupi ndi bedi, pamalo amodzimodzi tsiku lililonse, kanyali kali pomwepo. Za kamera ine ndikukana, a Ngozo. Kuchipinda ndi kumene mayi anu amavula ndi kusamba m'thupi. Akanakhala ndi nzeru zawo zonse akanalola kuti mwana wamwamuna aziwaona pa foni? Kudwala sikuchotsa ulemu wa kholo.

Ngozo wa ku Joni: Mwandigwira pamtima amayi. Kamera ndaisiya.

Nabanda (wophunzira, kwathu ku Linthipe): Ine pa mababu a pa foni sindikuwataya kotheratu. Kwa amene ali m'tauni, magetsi ndi intaneti zilipo, ubwino wake ndi woti kuwala kumasintha pang'onopang'ono osati kuthima ndi kuyaka mwadzidzidzi, ndipo wosamalira akatopa n'kuiwala, babu siliiwala. Alipo ena oyendera Bluetooth kapena karimoti, osafuna bandulo. Vuto la swichi ena amalithetsa poiphimba. Koma ndikuvomereza kuti kwa agogo a ku Bembeke, galasi la zenera ndi batire zitsogole.

Lachitatu m'mawa

Make Chifundo (Tsangano): Pepani ndibwererenso, usiku sindinagone. Pali chimene sindinanene Lolemba chifukwa cha manyazi. Mwezi wathawu apongozi anatuluka usiku ife tili m'tulo. Anapezeka mbandakucha kuseri kwa nkhokwe ya eni ake, mudzi wachiwiri, atavula chitenje, akunjenjemera ndi chisanu. Pamene timafika anthu anali atadzaza, ena akuti agwa m'lichero, ena atola kale miyala. Anatipulumutsa ndi a mfumu amene anawazindikira. Chiyambire tsiku limenelo ana a pamudzi sadutsa pakhomo pathu. Ndiye ndikamva za kuwala, kwa ine si nkhani ya tulo tokha ayi. Ndikuopa kuti tsiku lina adzatuluka ndipo sitidzawapeza amoyo.

Ambewe (Kasinje): Mayi, ndamva chisoni chachikulu. Ifenso zinatigwera. Mawu amene ananenedwa pa mkazi wanga, amene anaphunzitsa Sande sukulu zaka zambirimbiri, sindingawabwereze pano. Musabise matendawa. Kubisa ndi kumene kumapatsa mphamvu mabodza. Ine ndinaimirira mu mpingo n'kunena kuti mayi akudwala ubongo, mukawaona akuyenda okha agwireni dzanja muwabweretse. Kuyambira pamenepo amene ankanena aja ndi amene ankawabweretsa.

Aphiri (aphunzitsi, Mtakataka): Ndipo lamulo lili mbali yanu. Lamulo la za ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Sitinaiwale za ku Neno mu Januwale 2016, pamene okalamba anayi anaphedwa mphenzi itapha mtsikana. Zotere zimayamba ndi manong'onong'o ngati amenewo. Pitani kwa a mfumu ndi buku la kuchipatala, mupemphe kuti pa msonkhano wa mudzi alengeze, a zaumoyo a m'dera lanu akhalepo, ndi a polisi ya m'mudzi adziwe. Matendawa si a pakhomo panu pokha. Bungwe la WHO likuti mu 2021 anthu 57 miliyoni pa dziko lonse anali ndi dimenshiya, ndipo oposa 60 mwa 100 alionse ali m'mayiko osauka ndi apakatikati ngati kwathu kuno. Dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anawafotokoza kale mu 1906 ataona ubongo wa mayi wina amene anamwalira nawo.

Nankhoma (namwino wopuma, Ntcheu Boma): Make Chifundo, za usiku tichite izi. Koloboyi ndi kandulo zichoke kuchipinda kwa apongozi lero lomwe. Lawi limavina ndipo zithunzithunzi zimavina nalo, komanso ngozi ya moto pa neti ndi bulangete. Mbaula ya makala isagone m'chipinda chotseka ngakhale kuzizire bwanji, mpweya wake umapha mwakachetechete. Kanyali ka sola kotchaja masana n'kokwanira, ambiri ali ndi poti uchepetse kuwala ndipo amafika m'mawa. Ngati kali koyera kwambiri kaikeni pansi kuseri kwa ndowa kuti kaziwalira kukhoma. Pa chitseko mangani kabelu kapena zitini ziwiri zokhala ndi timiyala. Masana asagone nthawi yaitali, tiyi wa masamba asamwe madzulo. Ndipo chonde nonse pa gulu pano, musamagule piritoni kapena mapiritsi ogonetsa kuti agogo agone. Kwa okalamba amawonjezera kusokonezeka ndi kugwa, ndipo fupa la m'chiuno likathyoka pa msinkhu umenewo ambiri sadzukanso. Zikavuta pitani ku chipatala cha boma mukafunse a za matenda a maganizo.

Bambo a Tadala (amagetsi, Lizulu): Mayi a Chifundo, kanyali ka sensa ka sola kamodzi mukakhome pamwamba pa chitseko chakunja, koyang'anizana ndi zenera limene inu mumagona. Apongozi akangotuluka, kuwala kukumenyani m'maso. Ndili nako kamodzi kamene ndinachotsa pa shopu nditaika kena, kakugwira bwino. Sindikugulitsa.

Patapita masabata atatu

Nangozo (Bembeke): Abale ndabwera kudzapereka lipoti, poti munatigwira mkono. Ndalama za mababu achimwene anatumiza, tinagulira galasi la zenera, laimu, batire ndi kasola kake, ndi mababu ofiirira atatu. A Tadala anatilumikiza ndi mnzawo wa kuno amene anatiikira. M'mawa uliwonse amayi akukhala pakhonde ndi lichero lawo. Tsiku loyamba anakana, akuti kukuzizira, ndinachita kukhala nawo ndi kapu ya thobwa lotentha. Pano akumatuluka okha.

Ndinene zoona zake. Za bambo wachilendo uja sanazitchulenso chichotsereni jekete. Usiku akumadzukabe, kawiri kapena katatu, koma akumatsata kanyali mpaka pa ndowa n'kubwerera pabedi, ndipo kwa masabata atatuwa adzinyowetsa kamodzi kokha. Kamtolo akumangabe, osati tsiku lililonse koma akumanga. Dzulo anamanga. Ndinachita zimene bambo Mbewe ananena, sindinawatsutse. Ndinati tiyeni ndikuperekezeni, ndinanyamula kamtolo, tinazungulira nyumba kudutsa pa mtengo wa mapichesi, n'kulowera khomo la kumaso kumene nyale zinali zitayaka kale. Anaima pakhomo n'kunena kuti, "Tafika eti?" Ndinati tafika amayi. Anakhala pansi n'kuyamba kumasula mtolo.

Kuiwala kokha kukupitirira. Lamlungu anandifunsa kuti ndine mwana wa yani.

Ngozo wa ku Joni: Achemwali, zikomo chifukwa cha zonse mukuchita. Disembala ndikubwera ndipo ndidzakhala mwezi wathunthu kuti inu mukapumeko kwa azakhali. Ndayamba kuimba 5 koloko m'malo mwa usiku, kuti nthawi yovutayo azimva mawu anga.

Nankhoma (namwino wopuma, Ntcheu Boma): Wagwira ntchito mwana wanga. Funso lija loti ndiwe mwana wa yani limapweteka, ndikudziwa, ukafuna kulankhula undiimbire. Chatsala ndi maso. Unanena kuti unawapeza akupapasa khoma, ndiye ndikukayikira ng'ala. Ng'ala ikaphimba diso, kuwala konse mwaikaku kumafika kochepa. Ku Nkhoma amachita opaleshoni ya ng'ala, ndipo kuchokera ku Bembeke si kutali. Muyambe mwakaonetsa kwa a maso pa chipatala cha boma, mupite m'mawa pamene mutu wawo uli bwino, ndipo mutenge buku lawo ndi mankhwala a BP.

Make Chifundo (Tsangano): A mfumu analengeza Loweruka pa bwalo, a zaumoyo analankhulanso. Amayi awiri anabwera madzulo ake kudzandiuza kuti nawonso ali ndi makolo otere kunyumba, ankangobisa. Ndingawalowetse pa gulu pano? Ndipo a Tadala, kanyali kaja ndidzatuma mwana wa achimwene, amabwera ku Lizulu ndi matumba a mbatatesi.

Bambo a Tadala (amagetsi, Lizulu): Aloweni amayiwo. Mnyamatayo mumuuze afike m'mawa ndisanapite ku ntchito, ndimusonyeze pobowola ndi mbali yoyang'anitsa kasolako kuti kazilandira dzuwa. Misomali ndimupatsa konkuno.